Momwe Mungapangire ndi Kutulutsira Chimbale cha Alternative Rock

Munthu akamva chimbale cha alternative rock, magitala akulira mwaukali, woimba akuchita kusasa mawu, ng'oma zikumveka ngati zaimbidwira m'chipinda chopanda katundu, angaganize kuti oimbawo anangolowa mu situdiyo, kulumikiza zida n'kuyambapo. Kumveka kosapalapala kumeneko kumachita kukonzedwa, ndipo gulu limene limatha kujambula chimbale m'masiku ochepa ndi limene linatha miyezi likuyeserera lisanalipire ngakhale ola limodzi la situdiyo. Chimbale choyamba cha gulu la Nirvana, Bleach, chinajambulidwa ku Seattle ndi Jack Endino pa madola 606 okha ndipo chinatuluka mu 1989. Loveless, cha gulu la My Bloody Valentine, chinatenga zaka pafupifupi ziwiri chikuyendayenda m'masitudiyo oposa khumi, ndipo chitatuluka mu 1991 kampani ya Creation Records inasiyana nalo gululo chifukwa cha ndalama zimene zinalowa. Njira yachiwiriyi ndi ya anthu amene ali ndi wowalipirira. Malangizo otsatirawa ndi a gulu la anthu atatu, anayi kapena asanu amene akupisa m'matumba mwawo.

Choyamba, sankhani nyimbo musanaganize za situdiyo

Ngati mukufuna chimbale cha nyimbo khumi, khalani ndi nyimbo 15 kapena 20 zoti musankhepo, chifukwa nyimbo imene imakomera tsiku limene yapekedwa nthawi zina imakhala itasukuluka pakatha miyezi itatu. Zijambuleni zonse m'chipinda chimene mumayesereramo, ngakhale ndi foni yoikidwa pakona, kutali pang'ono ndi ng'oma kuti ma cymbal, mbale zachitsulo za pa ng'oma, asaphimbe china chilichonse. Zojambula zongoyesera zimenezi, zimene oimba amazitcha ma demo, zimakuuzani chilungamo chimene simungachimve muli mkati moimba. Woimba gitala akamaimba amamva gitala yake basi, koma akakhala pansi mawa lake n'kumvetsera amazindikira kuti nyimbo ikutha mphindi yathunthu mawu asanalowe, kapena kuti kolasi yachitatu ikungobwereza zimene yachiwiri yanena kale. Gulu la Nirvana linajambula nyimbo zingapo ndi katswiri wojambula nyimbo Butch Vig ku Smart Studios mumzinda wa Madison mu April 1990, ndipo zina mwa izo zinadzajambulidwanso chaka chotsatira pa chimbale cha Nevermind, woimba ng'oma atasintha ndiponso mawu a nyimbo zina atalembedwanso.

Mukasankha nyimbozo, yambani kuzisema. Nyimbo za mtundu uwu zimadalira kwambiri kusiyana kwa bata ndi phokoso. Gulu la Pixies linadziwika kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 ndi kaimbidwe kotsitsa ndime n'kudzaphulitsa kolasi, ndipo Kurt Cobain, woimba wa Nirvana, anavomera poyera kuti anatengera kwa iwo. Tanthauzo lake kwa inu ndi lakuti wina ayenera kulolera kukhala chete. Magitala awiri akamalira mwamphamvu kuyambira poyamba mpaka pomaliza, kolasi imasowa kokwera, ndipo womvera amatopa nyimbo yachinayi isanafike. Yesani kusiya besi ndi ng'oma zokha m'ndime yoyamba, gitala ina ilowe pakati, inayo idikire kolasi. Mukatero lembani liwiro la nyimbo iliyonse m'manambala a BPM (kuchuluka kwa kugunda pa mphindi imodzi), ndipo onetsetsani kuti kiyi imene mwasankha ndi imene woimba mawu angaifikire ngakhale atatopa, chifukwa kusintha kiyi besi ndi magitala zitajambulidwa kale ndiko kuyambanso ntchito yonse. Yesererani mpaka aliyense athe kuimba gawo lake popanda kumva mawu a woimba, ndipo ngati pali mwayi imbani nyimbozo pamaso pa anthu kangapo. Pamene anthu ayamba kucheza okhaokha kapena kuyang'ana mafoni awo m'pamene nyimbo yanu ikufunika lumo.

Chachiwiri, gwirizanani za umwini ndalama zisanabwere

Nkhani iyi magulu ambiri amaizemba chifukwa imachititsa manyazi pakati pa mabwenzi, komabe ndi imene imapasula magulu kuposa kusagwirizana pa kaimbidwe. Nyimbo iliyonse yojambulidwa ili ndi umwini wa mitundu iwiri. Pali umwini wa nyimbo yeniyeniyo, kutanthauza mawu ndi maimbidwe ake, umene umakhala wa opeka, ndipo pali umwini wa chojambulidwacho, chimene amachitcha master, umene nthawi zambiri umakhala wa amene analipira situdiyo. Ndalama za mitundu iwiriyi zimabwera kudzera m'njira zosiyana, choncho woimba ng'oma amene sanalembedwe ngati wopeka angathe kuimba nyimbo yomweyo zaka khumi mnzake yekha akulandira ndalama iliyonse ikaulutsidwa pa wailesi.

Khalani pansi, tengani pepala, lembani dzina la nyimbo iliyonse ndi gawo la munthu aliyense pa 100, ndipo nonse musayine. Gulu la R.E.M. linkalemba maina a mamembala ake onse anayi ngati opeka, mosayang'ana amene anabweretsa nyimboyo, ndipo linakhala pamodzi zaka pafupifupi 30. Ine ndimaona kuti njira imeneyi ndi yabwino kwa gulu limene limasema nyimbo pamodzi, chifukwa imachotsa mpikisano woti nyimbo ya yani ilowe pa chimbale. Ngati munthu mmodzi ndiye amalemba zonse, gawanani mosiyana, koma zilembedwe. Lembaninso amene walipira ndalama zingati, momwe adzabwezeredwe, komanso chimene chidzachitike ndi dzina la gulu wina akadzachoka.

Pomwepo funsanani ngati pali kachidutswa kalikonse ka nyimbo ya eni kamene mwaika mu nyimbo zanu. Gulu la The Verve linachita zimenezo mu 1997 pa nyimbo yawo yotchuka kwambiri, Bitter Sweet Symphony, ndipo woimba wawo Richard Ashcroft anakhala zaka zoposa 20 umwini wa nyimboyo uli m'manja mwa ena, mpaka mu 2019 pamene Mick Jagger ndi Keith Richards a gulu la The Rolling Stones, amene nyimbo yawo inali gwero la kachidutswako, anamusiyira gawo lawo. Pemphani chilolezo cholembedwa, apo ayi chotsani kachidutswako.

Chachitatu, sankhani wojambula ndi malo

Injiniya ndi munthu amene amaika maikolofoni ndi kuonetsetsa kuti zonse zikulowa bwino m'makina, pomwe producer amalowerera pa nyimbo yeniyeniyo, ndipo angakuuzeni kuti mudule ndime kapena mubwereze kuimba kachisanu ndi chiwiri. M'masitudiyo ang'onoang'ono ntchito ziwirizi amagwira munthu mmodzi. Chofunika ndi kudziwa mtundu wa munthu amene mukumufuna, ndipo zimbale ziwiri za gulu la Nirvana zikuonetsa bwino kusiyanaku. Butch Vig anajambula Nevermind ku Sound City mu 1991 mosanjikiza magitala ndi mawu kuti zimveke zonenepa ndi zosalala. Steve Albini anajambula In Utero ku Pachyderm Studio ku Minnesota mu February 1993, m'masabata awiri okha, akudalira kumveka kwa chipinda ndi gulu likuimbira pamodzi, ndipo ankalandira malipiro a ntchito yokha osafuna gawo pa malonda a chimbale. Njira zonse ziwiri ndi zabwino, koma munthu wozolowera imodzi simungamukakamize kuchita inayo. Mvetserani zimbale zitatu zimene munthuyo anajambula, makamaka za magulu osadziwika amene analibe ndalama zambiri, ndipo ngati n'kotheka jambulani naye nyimbo imodzi kaye musanalonjeze chimbale chonse.

Pa malo, chimene mukulipira kwenikweni ndi chipinda cha ng'oma. Ng'oma zimafuna chipinda chotakasuka, cha denga lalitali, ndi maikolofoni ambiri nthawi imodzi, pomwe gitala, besi ndi mawu zingathe kujambulidwa m'kachipinda kakang'ono ndi kompyuta. N'chifukwa chake magulu ambiri osowa ndalama amalipira situdiyo yabwino masiku awiri kapena atatu a ng'oma, zotsalazo n'kukamalizira kunyumba. Situdiyo yeniyeni si lamulo, pakuti gulu la Radiohead linajambula mbali yaikulu ya OK Computer m'nyumba yakale yotchedwa St Catherine's Court pafupi ndi Bath, koma iwo anapita ndi zida zawo ndi Nigel Godrich wodziwa kuzigwiritsa ntchito.

Pogawa ndalama, musalole kuti kujambula kudye zoposa theka la zimene muli nazo. Kutsogoloku kuli mixing (kusakaniza ndi kulinganiza zida ndi mawu zimene zajambulidwa), mastering (kukonza komaliza kwa kamvekedwe ka chimbale chonse), chikuto, zithunzi, kanema ndi kulengeza, ndipo palibe chomvetsa chisoni ngati chimbale chokoma chimene chatsekeredwa mu kompyuta chifukwa ndalama zinathera pa tsiku lachisanu ndi chinayi la magitala.

Chachinayi, konzani zida

Kutatsala sabata imodzi, pititsani magitala ndi besi kwa mmisiri kuti awongole khosi ndi kuonetsetsa kuti zikumveka zotchunidwa bwino kuyambira kumutu mpaka kumunsi. Ikani nsambo zatsopano dzulo lake kuti zikhazikike, sinthani zikopa za ng'oma, makamaka cha snare, ng'oma yaing'ono yolira mwakuthwa, ndipo thirani mafuta pa pedulo ya ng'oma yaikulu. Kulira kwa pedulo yopanda mafuta simukumva poyeserera, koma maikolofoni imakutola, ndipo mukadzakumva kamodzi m'ndime yabata simudzasiya kukumva. Tengani zingwe zapadera, mabatire ndi timitengo ta ng'oma tokwanira.

Chachisanu, jambulani

Funso loyamba m'situdiyo ndi lakuti muimbira pamodzi kapena mmodzimmodzi. Kwa nyimbo za mtundu uwu ndimalangiza kuti gulu lonse liimbire pamodzi pojambula ng'oma, ma ampu, zokuzira mawu a magitala, ataikidwa m'zipinda zina kapena atatchingidwa, aliyense atavala mahedifoni. Cholinga ndi kusunga ng'oma, mwinanso besi, koma woimba ng'oma amaimba mosiyana akamaona anzake akugwedeza mitu kusiyana ndi akakhala yekha. Funso lachiwiri ndi la click, kaphokoso kogogoda m'mahedifoni kosunga liwiro. Click imathandiza kuti zidutswa za maulendo osiyana zilumikizike mosavuta, koma pali nyimbo zina zimene moyo wake uli pa kufulumira pang'ono kolasi ikafika. Yesani njira zonse ziwiri poyeserera, musankhe pa nyimbo iliyonse payokha, ndipo woimba ng'oma amene sanayesererepo ndi click musamuyambitse tsiku lojambula.

Uzani injiniya kuti ajambule pa 24-bit, pa 44.1 kHz kapena 48 kHz, ndipo zimenezi zisasinthe mpaka ntchito ithe. Musadabwe theka la tsiku loyamba likathera pa kutchuna ng'oma ndi kusuntha maikolofoni. Injiniya amaika ina mkati kapena kutsogolo kwa ng'oma yaikulu, ina pa snare, ziwiri pamwamba, ndi zina patali kuti zitole chipinda, kenako amapempha woimba ng'oma kuti amenye snare yokha mobwerezabwereza kwa mphindi zambiri iye akumvetsera. Chimene akufufuza ndi chakuti phokoso limodzi likafika pa maikolofoni awiri pa nthawi zosiyana pang'ono, mafunde ake amatha kufafanizana, ng'oma n'kumveka yopyapyala ngati katoni. Vuto limeneli limathetsedwa posuntha maikolofoni masentimita ochepa kapena potembenuza phase, kutanthauza kutembenuza funde la maikolofoni imodzi pa makina, ndipo kulikonza pamenepo n'kosavuta kusiyana ndi kudzalimbana nalo pa mixing. Maikolofoni akutali aja musawapeputse, chifukwa ukulu wa ng'oma za alternative rock umachokera kwa iwo.

Nyimbo iliyonse ijambuleni katatu kapena kanayi, musankhe ulendo umene uli ndi moyo, ngakhale utakhala ndi kolakwika kamodzi kokonzeka. Mukafika ulendo wachikhumi nyimboyo isanagwire, isiyeni mupite pa ina, mudzaibwerere mawa m'mawa.

Besi ijambulidwe m'njira ziwiri nthawi imodzi, mwachindunji kudzera m'kabokosi ka DI, kolumikiza besi ku makina popanda ampu, komanso kudzera pa ampu, kuti wochita mixing adzathe kusakaniza kuyera kwa njira yoyamba ndi ukali wa yachiwiri. Pa gitala, maikolofoni wamba ya Shure SM57 yoikidwa pafupi ndi sipika ya ampu yajambula zimbale zosawerengeka. Ikaloza pakati penipeni pa sipika mawu amatuluka akuthwa, ikasunthidwira m'mphepete amatuluka ofewa, choncho musanakhudze mabatani sunthani maikolofoni kaye. Chinthu chimene oimba magitala ambiri safuna kumva ndi chakuti distortion, kusasa kwaukali kwa mawu a gitala, iyenera kuchepetsedwa kuposa mmene amaiikira pa siteji. Ikachuluka, gitala imasanduka phokoso la njuchi, manotsi osamvekanso, ndipo m'malo mokula imachepa. Kunenepa kumene mumakumva pa zimbale kumabwera poimba gawo lomwelo kawiri, ulendo wina n'kuuika kumanzere wina kumanja. Kukopera ulendo umodzi pa kompyuta sikupereka zotsatira zomwezo, chifukwa kukomako kuli pa kusiyana kwakung'ono kwa dzanja la munthu. Tchunani gitala musanayambe ulendo uliwonse, ndipo onse agwiritse ntchito tuner imodzi.

Mawu musawasiyire tsiku lomaliza. Magulu ambiri amatha masiku asanu ndi limodzi pa zida, kenako n'kuyembekezera kuti woimba akuwe nyimbo khumi tsiku limodzi, pamene kholingo la munthu limatopa pakatha maola awiri kapena atatu. Yambani kujambula mawu nyimbo yoyamba ikangokhala ndi zida zokwanira, nyimbo imodzi kapena ziwiri pa tsiku, ndipo zokuwa kwambiri zikhale kumapeto kwa tsiku. Chotsani anthu osafunika m'chipinda, chifukwa woimba amene akuonereredwa ndi anzake anayi kuseri kwa galasi amaimba modziteteza. Jambulani maulendo anayi kapena asanu athunthu, kenako musankhe mizere yabwino pa uliwonse n'kuilumikiza. Kusanjikiza mawu kawiri pa kolasi kumathandiza, ngakhale oimba ena amakukana poopa kuti ndi chinyengo. Butch Vig anafotokozapo kuti anamugonjetsa Cobain pa nkhaniyi pomukumbutsa kuti John Lennon wa gulu la The Beatles ankachita zomwezo. Pokonza manotsi ophonya ndi kompyuta, dzanja likhale lopepuka, pakuti mawu osalala ngati galasi pamwamba pa magitala aukali amamveka achilendo.

Madzulo alionse, musanatseke chitseko, koperani ntchito ya tsikulo pa ma hard drive awiri, ndipo imodzi ichoke m'nyumbamo ndi mmodzi wa inu.

Chachisanu ndi chimodzi, mixing

Mukamaliza kujambula pumulani sabata imodzi kapena awiri osamvetsera chilichonse. Ngati ndalama zilipo, ntchito ya mixing ipatseni munthu wina amene sanali m'situdiyo, chifukwa iye sadziwa kuti kagitala kena kanakutengerani maola anayi, ndipo akaona kuti kakusokoneza mawu adzakatsitsa popanda chisoni. Nevermind anajambula Vig koma mixing anachita Andy Wallace, ndipo ngakhale pa In Utero nyimbo zopita ku wailesi anazikonzanso Scott Litt. Mpatseni mafayilo olembedwa maina omveka, ndi nyimbo ziwiri kapena zitatu za magulu ena zosonyeza kumene mukulowera.

Akakutumizirani zotsatira, mvetserani pa masipika abwino, m'galimoto, pa mahedifoni wamba ndi pa sipika ya foni, mokweza ndi motsitsa. Pa foni besi imasowa ngati ilibe ukali pang'ono, ndipo mukatsitsa kwambiri voliyumu chimene chiyenera kutsala ndi mawu ndi snare. Kenako kumanani, gwirizanani, ndipo munthu mmodzi yekha ndiye atumize ndemanga zonse, zotchula mphindi ndi sekondi ya malo ofunika kukonza. Aliyense akamatumiza zake, woimba besi amapempha kuti besi ikwere, wa gitala nayenso chimodzimodzi, mpaka zonse zakwera ndipo palibe chasintha. Mvanani pasadakhale kuti kukonza kudzachitika kangati pa mtengo umene mwagwirizana. Pomaliza pemphani nyimbo iliyonse m'mitundu iwiri, yokhala ndi mawu ndi yopanda mawu, chifukwa opanga makanema akafuna nyimbo yanu amafunsa yopanda mawuyo.

Chachisanu ndi chiwiri, sanjani nyimbo ndi kuchita mastering

Ndondomeko ya nyimbo iyenera kudziwika mastering isanayambe. Nyimbo yoyamba ikhale yonena za gulu lanu mosazungulira, zamphamvu kwambiri zisaunjikane kumayambiriro, ndipo ziwiri za kiyi imodzi ndi liwiro lofanana zisatsatizane. Ngati mukufuna kudzatulutsa vinyl, mbale za galamafoni zija, ganizani m'mbali ziwiri, iliyonse ya mphindi pafupifupi 20, podziwa kuti mbali ikatalika voliyumu imatsika, ndiponso kuti mizere ya mkati pafupi ndi pakati siinyamula bwino phokoso lakuthwa. N'chifukwa chake zimbale zambiri zakale zimatseka mbali iliyonse ndi nyimbo yodekha.

Wochita mastering amalinganiza nyimbo zonse kuti zimveke za banja limodzi, amaika mipata pakati pake, ndipo amakonza mafayilo oyenera malo alionse, monga 16-bit pa 44.1 kHz ya CD ndi master yapadera ya vinyl. Pano pali msampha wofuna kuti chimbale chanu chiphokosere kuposa cha anzanu. Kuti nyimbo ikwere chotero imafinyidwa mpaka ndime yabata ndi kolasi zifanane msinkhu, ndipo kusiyana kuja munakuvutikira poyeserera kumatha. Phindu lake ndi lochepanso masiku ano, popeza Spotify imalinganiza voliyumu ya nyimbo pa mlingo wa -14 LUFS (muyeso wa kukwera kwa mawu) kwa omvera ambiri, kotero kuti nyimbo yofinyidwa kwambiri imangotsitsidwa n'kutsala yophwatalala. Muuzeni wa mastering kuti mukufuna kolasi izidumpha.

Chachisanu ndi chitatu, chikuto ndi zolembalemba

Chikuto chikhale cha mbali zinayi zofanana, cha mapikiselo 3000 mbali iliyonse, ndipo chizioneka bwino ngakhale chitachepa ngati chikhadabo pa foni. Wojambula chithunzi kapena wopenta akupatseni chilolezo cholembedwa, chimodzimodzinso munthu aliyense wooneka pa chithunzicho. Nyimbo iliyonse yojambulidwa imafuna nambala yake ya ISRC, ya zilembo ndi manambala 12, pomwe chimbale chonse chimafuna nambala ya UPC. Manambalawa ndi amene amalondolera ndalama kwa mwini wake. Lembani dzina la gulu, maina a nyimbo ndi a opeka mofanana paliponse, chifukwa chilembo chimodzi chosiyana chingathe kuponya chimbale chanu pa tsamba la gulu lina. Opeka onse alembetse ku bungwe lotolera ndalama za umwini wa nyimbo la dziko lawo, monga ASCAP kapena BMI ku America ndi PRS ku Britain, ndipo nyimbozo zilembetsedwe zisanatuluke.

Chachisanu ndi chinayi, sankhani njira yotulutsira ndipo werengani masiku chobwerera m'mbuyo

Nyimbo za alternative rock zinakulira m'makampani ang'onoang'ono oima paokha monga Sub Pop, 4AD, Rough Trade, Matador ndi Merge. Kampani yotere ikakufunani, imabweretsa ndalama, anthu olengeza ndi dzina limene atolankhani amalikhulupirira. Musanasayine, funsani mafunso atatu: master idzakhala ya yani, kwa zaka zingati, ndipo ndi ndalama ziti zimene kampani idzayambe yadzibwezera inu musanalandire kanthu. Ndalama zimene amakupatsani poyamba, zotchedwa advance, zimadulidwa pa gawo lanu la malonda. Pezani loya wodziwa za nyimbo awerenge mgwirizanowo, ndipo asakhale loya wa kampaniyo.

Mukasankha kutulutsa nokha, mufunika kampani yofalitsa monga DistroKid, TuneCore kapena CD Baby, imene imatumiza nyimbo ku Spotify, Apple Music, YouTube Music ndi kwina, ndipo imaperekanso ISRC ndi UPC ngati mulibe. Ena amalipiritsa pa chaka, ena kamodzi pa chimbale n'kumadula gawo pa zimene mwapeza, choncho werengani bwino chimene chimachitikira nyimbo zanu mukasiya kulipira. Tsegulaninso tsamba pa Bandcamp, pamene okonda nyimbo amagula mwachindunji ndipo gawo lalikulu la ndalama limafika kwa inu. Zimenezi n'zofunika chifukwa ndalama za streaming (kumvetsera nyimbo pa intaneti) kwa gulu latsopano ndi zochepa. Spotify imawerenga kuti nyimbo yamvedwa ikadutsa masekondi 30, ndipo kuyambira mu 2024 nyimbo imene sinamvedwe ka 1,000 m'miyezi 12 siilandira ndalama za master. Ena amakumbukira kuti Radiohead inatulutsa In Rainbows mu October 2007 n'kuuza anthu kuti alipire zimene akufuna, koma gululo linali kale ndi omvera mamiliyoni amene ankadikira. Gulu latsopano ntchito yake ndi kupeza anthu oti adikire.

Kuyambira mu July 2015 zimbale zimatuluka Lachisanu m'maiko ambiri, ndiye sankhani Lachisanu lanu, kenako muwerenge chobwerera m'mbuyo. Vinyl ndiyo imatenga nthawi yaitali, kawirikawiri miyezi ingapo, ndipo fakitale imayamba yatumiza zimbale zochepa zoyesera zimene muyenera kuzimvetsera mbali zonse musanavomereze. Musalengeze tsiku musanadziwe kuti katunduyo afika liti. Kutatsala miyezi itatu, master, chikuto, zithunzi za gulu ndi mbiri yachidule zikhale zokonzeka, ndipo nyimbo yoyamba ituluke payokha ngati single. Ina itsatire pakapita masabata anayi kapena asanu ndi limodzi, mwina yachitatu chimbale chitayandikira. Onetsetsani kuti nyimbo zimenezi zikadzalowa pa chimbale zidzakhale ndi ISRC yomweyo ndi fayilo yomweyo, kuti chiwerengero cha omvera chisayambirenso pa ziro. Spotify for Artists, tsamba la Spotify la oimba, imalola kupereka nyimbo imodzi yosatuluka kwa akonzi a ma playlist, masiku osachepera 7 lisanafike tsiku lotulutsa, koma ndi bwino kutumiza zonse kwa wofalitsa kutatsala mwezi wathunthu kuti zolakwika zipeze nthawi yokonzedwa.

Atolankhani, olemba za nyimbo ndi mawailesi alembereni kutatsala masabata asanu ndi limodzi kapena asanu ndi atatu. Kalata ikhale yaifupi, yopita kwa munthu amene mukudziwa kuti amalemba za nyimbo za mtundu wanu, yokhala ndi linki yomvetsera mwachinsinsi, tsiku lotulutsa ndi ziganizo zitatu zonena chimene chimbalecho chili. Aliyense wolonjeza kukugulitsani omvera masauzande mukaneni, chifukwa omverawo amakhala makina, ndipo zikadziwika nyimbo zanu zingathe kuchotsedwa.

Chomaliza, tsiku lotulutsa ndi masabata otsatira

M'mawa wa Lachisanu lanu tsegulani malo onse amene chimbale chikuyenera kupezeka, muone ngati maina, ndondomeko ndi chikuto zili bwino, ndipo cholakwika chilichonse chidziwitsidwe kwa wofalitsa tsiku lomwelo. Amene anagula pasadakhale atumizireni katundu wawo kuti afike sabata yomweyo. Phwando lokhazikitsa chimbale lichitike m'malo ang'ono amene mungawadzaze, ndipo pakhomo pakhale tebulo la ma CD, vinyl ndi malaya, pamodzi ndi pepala loti anthu alembepo ma imelo awo, popeza mndandanda umenewo ndi wanu ngakhale Instagram kapena TikTok zitasintha malamulo.

Magulu ambiri amatopa pa tsiku limeneli n'kukhala chete, pamene omvera ambiri amakhala asanamve n'komwe kuti chimbale chatuluka. Sungani kanema mmodzi woti adzatuluke pakapita masabata atatu kapena anayi, konzani maulendo okaimba m'mizinda imene ziwerengero zikusonyeza kuti muli ndi omvera, ndipo pitirizani kutumiza chimbalecho kwa olemba amene sanayankhe poyamba. Ndalama za streaming zimafika mochedwa ndi miyezi iwiri kapena itatu, ndiye zikayamba kulowa zigaweni motsatira pepala lija munasayina, ndipo aliyense aone malipoti ake. Kenako pemphani kwa injiniya ndi wa mixing mafayilo onse a chimbalecho, chida chilichonse pachokha m'mtundu wa WAV kuyambira pa sekondi yoyamba ya nyimbo, kuti adzatseguke pa pulogalamu iliyonse ngakhale imene munagwiritsa ntchito itatha. Asungeni malo atatu osiyana pamodzi ndi master, chikuto, mndandanda wa ma ISRC ndi mapepala a mgwirizano, ndipo chaka chilichonse muzilumikiza ma hard drive amenewo kuti muone ngati akutsegukabe.